Ine, Yesaya ndi Fayilo ya Sikelo

Zaka zimenezo, matipate atangokhazikika pang'ono, msewu uwu wodutsa pa Chintheche usanadzaze ndi maminibasi monga mukuuonera lero, ine ndinali kalaliki pa esiteti ina ya mphira kumtunda uko, ndipo ukatchula mawu oti kompyuta anthu ambiri ankangokuyang'ana pakamwa. Ndakumvani kuyambira m'mawa mukukangana pakhondepa za mitundu ya mafayilo a kompyuta, uyu akuti YAML ndiye yabwino, uyo akuti ayi JSON, mpaka iwe wa juzi yobiriwira wamukaniza mnzako chinangwa chowotcha. Sendezani mabenchi kuno, aphunzitsi anu sanabwere. Mkangano umenewu ine ndinaukangana inu musanabadwe, ndipo ndinagonja, koma sindinagonje ndi mtima woyera ayi.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, n'chifukwa chake Chitonga changa mumachiseka ngakhale ndakalambira kuno ndipo ndinakwatira kuno, a NyaManda a ku Bandawe. Mu ofesi ija tinalimo makalaliki awiri, ine Kachingwe ndi mnzanga Yesaya Longwe wa ku Tukombo, munthu wamtali, wosachedwa kumva, woseka ndi maso okha. Tinayamba ntchito nyengo imodzi, nyumba zathu zinali zoyandikana, ndipo poti ndinakwatira Mtonga ankanditchula kuti mlamu. Ndikuuziretuni kuti musavutike kuganiza: Yesaya sanandilakwirepo kanthu. Munthu wokulakwira ndi wosavuta, umamuda n'kugona tulo tabwino, koma munthu wokuposa amene akukukonda, ameneyo ndiye amakusowetsa pogwira.

Makompyuta atabwera, yoyamba anaiika kushedi kumene ocheka mitengo ankabweretsa utomoni m'zidebe kudzayeza, ndipo anailumikiza ku sikelo ndi chingwe. Imeneyo anandipatsa ine, osati Yesaya, ndipo sabata imeneyo ndinkayenda ngati ndakwatira kachiwiri. Munthu amene anadzaiika, wa ku Blantyre, ananditsegulira kafayilo kena nati, "Bambo, makinawa akamadzuka m'mawa amayamba awerenga umu. Mukasunga bwino kafayiloka, simudzandiitananso." Munali zimene inu mumati masetingi, ndiye kuti malangizo ouza pulogalamu kuti sikelo yalumikizidwa polowera pati, ikutumiza manambala mofulumira bwanji, ndipo chidebe chopanda kanthu chimalemera motani.

Inali fayilo ya INI, ndipo ana inu, chinthu chokongola ngati chimenecho sindinachionenso. Pamwamba pamakhala mutu m'mabulaketi, tinene kuti sikelo, ndipo pansi pake dzina, timizere tiwiri togona tija, kenako nambala. Mzere wina dzina lina, nambala ina. Ukafuna kudzikumbutsa kanthu unkayamba mzere ndi kadontho kokhala ndi kamchira kunsi, n'kulemba m'Chichewa momwe kuti, apa osasintha, ndi zidebe zatsopano zabuluu, ndipo makina ankaudumpha mzere umenewo mwaulemu, osadandaula. Aliyense wodziwa kuwerenga manambala a nyimbo pabolodi la kutchalitchi akanatha kuiwerenga. Ndinaikopera pa disiketi, kambale kapulasitiki kakuda kamene inu munangokaona pa chithunzi, n'kuika m'dirowa.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Patapita nthawi akuluakulu anagula kompyuta yachiwiri ya mu ofesi, yokhala ndi pulogalamu yatsopano yosonkhanitsa zonse za pa esiteti, ndipo anafuna munthu mmodzi wokaphunzira ku Blantyre. Anatifunsa mafunso tonse awiri. Ine ndinayankha zimene ndinkadziwa n'kukhala chete, koma Yesaya atayankha anayamba kufunsa iyeyo, mafunso mpaka ofunsawo anatopa, ndipo anasankha iyeyo. Tsiku limene ankakwera basi ndinamunyamulira chikwama mpaka kumsewu, ndikumwetulira ndi mano okha.

Atabwerako anandipeza kushedi, atandigulira tayi, tayi yabwino ndithu imene sindinaivalepo.

"Mlamu, tabwerani ku ofesi mudzaone," anatero. "Pulogalamu yatsopanoyi sisunga masetingi m'kafayilo ayi. Imasunga mu rejisitili."

"Ndiye chiyani chimenecho?"

"Ndi nkhokwe imodzi ya kompyuta yonse. Pulogalamu iliyonse ili ndi chipinda chake m'menemo, ndipo m'chipinda muli tizipinda tina. Munthu aliyense wolowa pa kompyuta angathe kukhala ndi masetingi ake, ndipo mungathe kutseka kuti kalaliki wamba asasinthe za akuluakulu."

"Ungaiwerenge ndi maso, monga yangayi?"

"Pamafunika chida chake chotsegulira. Ndikuphunzitsani, sizitenga sabata."

"Chinthu chobisala ine ayi," ndinatero. "Dengu limodzi la mazira onse, likagwa udzandiuza."

Mawu angawo sanali opusa, muwamvetse, chifukwa ngakhale lero anthu odziwa amadandaula zomwezo za rejisitili, kuti ikavunda penapake imadwalitsa kompyuta yonse, ndipo kusamutsa masetingi kupita nawo pa makina ena ndi ntchito. Koma sindinakane chifukwa cha nzeru ayi. Ndinakana chifukwa wophunzitsayo akanakhala Yesaya, ine nditakhala pa kampando kakang'ono, iye ataimirira kumbuyo kwanga. Paja amati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya zaka zambiri ndikumati ndi uchi.

Tsiku lina m'nyengo ya mvula, masana dzuwa litangopendeka, kunachita mdima kuchokera kunyanja ndipo mphezi inagwa pa waya wa magetsi pafupi ndi shedi. Ndinangoona kuwala, kenako fungo la pulasitiki yopsa. Kompyuta yanga inafa, ya Yesaya ku ofesi inafanso, koma mwamwayi sikelo inapulumuka. Panja anthu anali atafola ndi zidebe, amuna ndi amayi amene anadzuka m'bandakucha kukacheka mitengo, ndipo utomoni wa mphira sudikira munthu, ukakhalitsa umagwirana n'kukhala chibuma. Ukagwirana usanayezedwe, thukuta la munthu la tsiku lonse lapita. Sikelo yakale yopachika anali ataitumiza kudera lina la esiteti, kutali.

A manejala anabwera akuthamanga ndi kompyuta ina yachitatu, ya kwa owerengera ndalama, imene inali yozimitsa nthawi ya mphezi, ndipo tinaikamo pulogalamu ya sikelo msangamsanga. Chimene chinatsala ndi masetingi. Apo mtima wanga unavina, sindikubisirani. Ndinayankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Tiyeni tione ngati rejisitili itithandize lero. Ine yanga ili m'dirowa."

Ndinatulutsa disiketi ija, n'kuilowetsa. Makina analira, n'kulira, n'kunena kuti sakutha kuwerenga. Ndinaitulutsa, n'kuipuzira mpweya, n'kuilowetsanso, koma chimodzimodzi. Nditakankha kachitsulo kake kuti ndione mkati, ndinapeza chuku chayala ngati pa chinangwa choiwalika. Mukudziwa chinyontho cha kuno, chimadya nsapato ili m'bokosi. Mizere yambiri ndinkaikumbukira pamtima, koma manambala owongolera sikelo kuti isanamize anali aatali, ndipo m'mutu mwanga munalibe.

Nditacheuka, Yesaya panalibe. Anabwera patapita kanthawi atanyowa mpaka m'mafupa, wachokera kunyumba kwake, m'malaya atabisa jumbo ya shuga, ndipo m'jumbomo munali sidi, kambale konyezimira kosungira mafayilo. Anawerama pafupi ndi khutu langa kuti ena asamve.

"Mlamu, yanu ija ilimonso. Kumapeto kwa sabata ndimatulutsa za mu rejisitili n'kuziika pa sidi, ndiye ndimadutsanso kuno kukopera yanu. Ndimasunga kunyumba, m'chitini chouma. Khalani pampando, muike ndinu."

Ndinakhala pampando, n'kuika fayilo yanga yochokera m'manja mwake, ndipo sikelo inayamba kuyankhula. Anthu anayeza utomoni wawo usanagwirane, ndipo aliyense podutsa ankati, "Yewu, ada Kachingwe, mwatiwombola." Yesaya anaimirira pakhomo akufinya malaya, akumwetulira ngati si iye. Ana inu, pa moyo wanga ndinalandirapo chipongwe, ndinatukwanidwapo pagulu, koma palibe chinandiwawa ngati kuthokozedwa kwa tsiku limenelo. Kunyumba a NyaManda anandifunsa chimene ndinkakanira chakudya, ndipo nditawafotokozera anandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Ndiye mwakwiya chifukwa munthu wakuthandizani?" Ndinati inde. Anachotsa mbale.

A manejala sanali akhungu, anaona amene anathamanga pamvula. Zaka zitapita, pamene analumikiza shedi ndi ofesi kuti zonse ziziyenda pamodzi, anafuna munthu mmodzi woyang'anira makompyuta onse, ndipo simufunika kulosera kuti anali ndani. Ine anandisamutsira ku sitolo, kukawerenga mipeni yochekera ndi makapu a utomoni. Ntchito inali yabwino, malipiro sanatsike, koma m'mawa uliwonse ndinkadutsa pa windo la ofesi n'kumuona Yesaya atakhala kutsogolo kwa makina atatu.

Nthawi imeneyo anali atalowa m'zina zotchedwa XML. Inu mwaionapo? Chinthu chilichonse chimatsegulidwa ndi dzina lake m'timivi tiwiri, n'kutsekedwanso ndi dzina lomwelo, ndipo mkati mwake mungathe kukhala china, mkati mwa chinacho chinanso, ngati mapoto olowetsana. Ine ndinkati ndi mlaliki wobwereza mawu, wonena kuti ndikuyamba kunena za sikelo, nayi sikelo, ndamaliza kunena za sikelo. Nambala imodzi inkavala zovala zambiri kuposa mkwatibwi. Koma Yesaya ankati kubwerezako n'kumene kumathandiza makina kugwira cholakwa chisanawononge kanthu, ndipo pamenepo, ngakhale ndinkapukusa mutu, ankanena zoona.

Zonsezi ndikanazipirira, koma kenako zinalowa m'nyumba mwanga. Mwana wathu woyamba, Tawonga, anali ku sekondale, mtsikana wa mutu wakuthwa, ndipo pa holide ina anandipempha kuti ndimuphunzitse za makompyuta. Ndinasangalala kwambiri. Ndinatenga pepala n'kumujambulira INI yanga, mutu, dzina, nambala, ndipo anamva nthawi yomweyo. Kenako anafunsa.

"Adadi, nanga masikelo atakhala ambiri, ndipo iliyonse ili ndi mitundu yake ya zidebe, ndipo chidebe chilichonse chili ndi kulemera kwake ndi mtundu wake, mungazilembe bwanji umu? Chinthu mkati mwa chinzake?"

Funso limenelo ndi pamene INI imatsimphina, chifukwa ili ndi mutu ndi ana ake basi, ilibe zidzukulu. Ungathe kuzembera potalikitsa maina, koma zimakhala zonyansa. Ndikanangonena choncho. Koma ndinati, "Zimenezo sizifunika." Mwanayo anati chabwino, mwaulemu, ndipo m'mawa mwake ndikudutsa pa windo lija ndinamuona atakhala pa kampando kakang'ono, Yesaya ataimirira kumbuyo kwake akuloza pa galasi la kompyuta.

Holide iliyonse inakhala choncho. Madzulo pa chakudya nkhani inali imodzi, ada Longwe akuti chakuti, ada Longwe andionetsa chakuti. Inu Atonga mukudziwa kuti ada ndi ulemu chabe, mumauza mwamuna aliyense wamkulu, ngakhale ine amanditchula choncho pamsika. Koma mawu omwewo ndi amene mwana amaitanira bambo ake omubereka, ndipo ine wa ku Ntcheu ndinkawamva ndi khutu lachiwirilo. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi umenewu ndi wokoma ukakhala iwe wotenga mwana wa mnzako. Ukakhala iwe mwini mwana, umawawa.

Tawonga anapita kukoleji, anamaliza, ndipo lero ali ku Lilongwe, amayang'anira makompyuta amene sanawaonepo ndi maso, akuti ali kutsidya kwa nyanja zazikulu. Ndi iyeyo amene anandifotokozera za zanu mukukanganazi. Akuti JSON ndi yaudongo, makina amaikonda, koma ilibe malo olembapo chikumbutso cha munthu, ndipo kachizindikiro kamodzi kopumira, kamene pa Chingerezi mumati koma, kakasowa kapena kakachuluka, fayilo yonse yakanidwa. Ine ndinaseka, ndinati ngakhale pa Chichewa koma mmodzi amagwetsa nkhani yonse, munthu wabwino koma. YAML akuti imawerengeka ngati mndandanda wa kumsika ndipo imalola chikumbutso, koma imadalira mipata ya kumayambiriro kwa mzere, moti ukasendeza mzere pang'ono chabe, mwana wasanduka wa banja lina, iwe osaona. Anatchulanso ina, TOML, nati, "Adadi, imeneyi ndi mdzukulu wa INI yanu, mitu m'mabulaketi chimodzimodzi, koma yaphunzira kuika chinthu mkati mwa chinzake." Tsiku limenelo ndinadya bwino. Kenako anawonjezera kuti anayamba kuimva kwa ada Longwe pa foni, nkhalamba itapuma kale ntchito koma ikuwerengabe, ndipo ndinakankhira mbale kutali.

Yesaya anamwalira zaka zingapo zapitazo kwawo ku Tukombo, atadwala miyezi yochepa. Ndinapita kukamuona kamodzi ali chigonere, ndipo tinakamba za mvula, za mitengo ya usipa, za mawondo athu, chilichonse kupatula makompyuta. Ndikutsanzika anandigwira dzanja nati, "Mlamu, mwana uja munamulera bwino." Ndinati zikomo. Panjira ndinkalimbana nawo mawuwo, kufunafuna ngati munali mwano, koma munalibe.

Pamaliro pake panadzaza anthu, aphunzitsi, anamwino, anyamata a m'mabanki, onse akuti anawaphunzitsa ndi iyeyo, ambiri mwa iwo kwaulere, pakhonde la nyumba yake. Tawonga anachoka ku Lilongwe ali ndi pakati, ulendo wonse uja, ndipo analira kumanda mpaka amayi anzake anachita kumugwira. Ine ndinaimirira pansi pa mtengo, chipewa kumanja, mnzanga wa zaka zonsezo akutsitsidwa m'dzenje, ndipo ndinkalira ndithu, misozi yeniyeni. Koma mkati mwa kulirako munali kamawu kena kakufunsa kuti, kodi iwe Kachingwe, tsiku lako mwanayu adzalira chonchi? Mukuona mmene nsanje ilili? Imapita nawe ngakhale kumanda, imakhala nawo pa mwambo, ndipo imaimba nawo nyimbo.

Mwana atabadwa, wamwamuna, Tawonga anandiimbira foni. Ine ndinali nditakonzeka kale, chifukwa mdzukulu woyamba wamwamuna, ndani sangayembekezere?

"Adadi, takambirana ndi bambo ake, ndipo akwawo avomera. Tikufuna kumutcha Yesaya. Koma sindichita ngati inu simukufuna."

A NyaManda anali pafupi akusenda chinangwa, ndipo anasiya mpeni n'kundiyang'ana.

"Ndi dzina labwino," ndinatero. "Mutcheni."

Tsopano taonani chimene Mulungu anandikonzera. Dzina limene ndinkalitafuna ndi mkwiyo zaka zonse zija ndimaliitana ndi pakamwa panga, Yesaya bwera udzadye, Yesaya usapite kumadzi wekha, Yesaya tandipatsa ndodo yanga. Poyamba linkandiwawa, koma mwanayo ali ndi mphumi yanga ndi makani anga, ndipo sungathe kuda dzina la munthu amene wagona pachifuwa pako. Pa Khirisimasi yapitayi tinali pansi pa mango kunyumba, iye akusewera ndi foni ya amayi ake, ndipo anandifunsa.

"Agogo, amayi amati panali Yesaya wina. Anali ndani?"

"Anali mnzanga," ndinatero. "Ankadziwa makompyuta kuposa agogo ako."

Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu. "Bodza. Palibe woposa agogo anga."

Ndipo ine, nkhalamba ya mpingo, yodziwa choona chonse, sindinamukonze. Ndinamusendera bango lina.

Ndiye ana anga, za mafayilo anuwo musadane nazo. Funsani kaye kuti adzawerenga ndani, munthu kapena makina, ndipo zinthuzo n'zosanjikizana motani, kenako musankhe yoyenera pamenepo, chifukwa iliyonse ili ndi mwendo wake wotsimphina. Pamene ikulola, siyani mzere wofotokozera amene adzabwere pambuyo panu, mawu achinsinsi musawaike m'fayilo yoonedwa ndi aliyense, ndipo kope lina lizigona m'nyumba ina. Koma chachikulu ndi ichi: m'kalasi mwanu muno alipo wina amene amamva msanga kuposa iwe, ndipo ukamuona mtima umatentha. Kutenthako sindingakuuze kuti kudzatha, ine kwanga sikunathe. Ingonyamula kampando kako ukakhale pafupi naye akadali moyo, umufunse, ngakhale mtima ukutentha choncho. Iwe wa juzi yobiriwira, yamba ndiwe.